Kugula Mfuti Yakale ndi Kusankha Zipolopolo Zake

Mlimi wa m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwangwa, ali ndi anzake okolola amene sanagwireko khasu. Chimanga chikangomera ndevu, anyani atsika m'mapiri. Nguluwe zimafukula chinangwa usiku, ndipo kumadimba ndi kuminda ya mpunga mvuu imatuluka m'bango dzuwa litalowa. Mvuu yaikulu imodzi imadya msipu wolemera ngati makilogalamu 40 pa usiku umodzi, koma zimene imaponda ndi mapazi ake zimaposa zimene imaika m'kamwa. Munthu amene anayamba wadzuka m'mamawa napeza mpunga wake utagona pansi ngati mphasa safunika kumfotokozera chifukwa chimene alimi amalakalakira mfuti.

Chilakolako chimenechi amachidziwa bwino anthu ena ochenjera. Kuyambira mwezi wa Epulo, fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, kufikira mpunga utapunthidwa, ndiyo nthawi imene mlimi amakhala ndi ndalama m'thumba, ndipo ndi nthawi yomweyo imene amatulukira munthu ndi kanthu kokulunga m'chiguduli, nati, "Ndikugulitsa chifukwa cha mavuto, mtengo tigwirizana." Alimi a kwa Mwansambo, kwa Mwadzama ndi kwa Kanyenda akhala akutifunsa ife alangizi ngati nkwabwino kugula mfuti yotere, ndipo ena afunsa maka-maka za volovolo, pakuti ndi yaing'ono ndipo ogulitsa amati njotsika mtengo. Ife nchito yathu ndi ya mbeu ndi nthaka. Sitigulitsa mfuti, ndipo sitikopa munthu ali yense kuti agule. Koma popeza pa malonda amenewa pamalowa ndalama za chaka chathunthu, ndi dzanja la munthu, ndi ufulu wake womwe, taganiza zolemba zimene wogula ayenera kudziwa asanamasule mfundo ya ndalama zake.

Mfuti si Mlendo Kuno

Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Zombo zake za matanga zinkaoloka nyanja ndi minyanga ndi akapolo opita ku Kilwa, nizibwerera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Malonda amenewa ndiwo anawapeza David Livingstone pamene anafika pano mu 1861 ndi mu 1863. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo chaka chotsatira maiko a ku Ulaya, pa msonkhano wa ku Brussels, anagwirizana zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a chigawo chino cha Afirika. Chotero mfuti imene inatsala m'manja mwa makolo athu ndiyo ya gogodela, ija yothira wonga kukamwa ndi kusinja ndi kamtengo.

Za gogodela mau athu ndi ochepa: musagule. Ngati ili yakale yeni-yeni, yaposa zaka 100, ndipo dzimbiri laidya m'kati cha kumatako kumene diso silifika, komwenso ndi kumene wonga umaphulikira. Ngati ili yatsopano, ndiye kuti inasulidwa mobisa ndi mpope wa madzi, umene uli ndi msoko m'litali mwake monse ndipo sunapangidwe kuti upirire moto. Ikang'ambika imang'ambikira pamene pali dzanja lamanzere ndi maso. Kusula mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mfuti yopanda nambala singalembedwe m'buku la Boma.

Nanga Volovolo?

Volovolo ndi kamfuti kogwira ndi dzanja limodzi, kokhala ndi kamgolo kozungulira ka zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chipinda chili chonse chipolopolo chake. Zambiri zakale zimene zinafika m'maiko a kuno ndi za Webley ndi Enfield, zimene maofesala a Angelezi ankamangira m'chiuno pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ija imene asilikali athu a Keyala anakamenya ku Abyssinia ndi ku Burma.

Tinene poyera kuti volovolo si chida cha kumunda. Mpope wake ndi waufupi, mainchi anai kapena asanu ndi limodzi basi, ndipo imatulutsa chipolopolo chimodzi chokha, osati njere zambiri zomwazika. Munthu wophunzitsidwa bwino amalasa nayo pa mayadi ngati 20, masana, chinthu chitaima. Kodi ndi nyani uti amene adzakudikirani kuti mumfike pa mayadi 20? Ndipo nguluwe yothamanga m'chinangwa usiku mudzailasa bwanji? Mfuti imeneyi anaipangira munthu mnzathu, osati chilombo, ndipo apolisi akadzakufunsani chimene mukuifunira, yankho lakuti "anyani" silidzawakhutiritsa. Kuchepa kwake komwe kumene ogulitsa amatamanda ndiko kuipa kwake: imalowa m'thumba la jekete nipita nawo kumowa, ndipo mwana wa zaka zisanu angathe kuinyamula.

Yakale ilinso ndi matenda ake. Kamgolo kaja kayenera kuima molunjika ndithu ndi mpope pa nthawi imene chipolopolo chituluka. Mano ozunguza kamgoloko akaperepeseka, chipinda chimaima chopendekera pang'ono, ndipo chipolopolo chimakhula m'mphepete mwa mpope nichilavula tizidutswa ta mtovu cham'mbali, kumene kwaima mnzanu. Ndipo pa zipolopolo pali msampha. Ziwiri zimatchedwa .38, koma nzosiyana: china ndi .38 S&W, chachifupi ndi chonenepa pang'ono, chimene mfuti za Angelezi zija zinkadya; china ndi .38 Special, chachitali ndi chochepa thupi. Nkhondo itatha, amalonda ena anaboola zipinda za mfuti za Smith & Wesson zimene Angelezi anagwiritsa nchito, kuti chachitalicho chizilowa. Chimalowadi, koma chimakhala cholobodoka, ndipo poombera chikopa chake cha mkuwa chimatupa kapena kung'ambika. Wogulitsa akangoti "imadya 38", sananene kanthu.

Mfuti imene ingathandize mlimi, ngati mfuti ifunikadi, ndi chifefe, ndipo mau otsalawa ndi a chimenecho.

Pepala Liyambe, Ndalama Pambuyo

Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act, linakhazikitsidwa mu 1967. Munthu saloledwa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo laisensiyo imalembedwa dzina la munthu mmodzi ndi nambala ya mfuti imodzi, ndi kukonzedwanso chaka ndi chaka. Chilolezo chogulira chimapemphedwa kupolisi mfuti isanafike m'manja mwanu. Alimi ambiri amayamba ndi kulipira, nati mapepala tidzaona bwino. Koma kuyambira usiku woyamba umene mfutiyo igona m'nyumba mwanu, mwapalamula kale.

Tsono wogulitsa akuonetseni laisensi yake. Muwerenge nambala ya papepala, muwerengenso nambala yodindidwa pachitsulo, muone ngati zikufanana chilembo ndi chilembo. Mukatero mumuuze kuti, "Tiyeni tonse kupolisi kuboma, akasinthe dzina." Mwini weni-weni savuta pa mau amenewa. Amene ayamba kunena kuti apolisi achedwetsa, kapena kuti pepala linanyowa ndi mvula, kapena atsitsa mtengo mwadzidzidzi, mlekeni apite ndi chiguduli chake. Nambala ikakhala yopalidwa ndi tupa, musaigwire nkomwe mfutiyo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndiponso pamene asilikali analanda zida za a Payoniya mu Disembala 1993, mfuti zambiri zinasowa nizilowa m'midzi ya dziko lino. Mfuti imayenda ndi milandu ya eni ake onse akale, ndipo amene apezeka nayo ndiye amayankha.

Palinso mfuti za chuma cha masiye. Bambo akamwalira, njinga ndi wailesi zimagawidwa pa mwambo, koma laisensi ya mfuti sigawidwa; inali ya malemuyo. Mai wamasiye kapena mphwake wa malemu akafuna kugulitsa, ayambe wakanena kupolisi. Wogula amene athandiza banjalo kuyenda njira imeneyi amadziteteza yekha, natetezanso anamfedwawo.

Kuyesa Chifefe

Akulu anati chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ogulitsa amapaka chithabwa cha kuphewa vanishi, napukuta chitsulo ndi mafuta kuti chinyezimire. Inu musayang'ane zimenezo. Moyo wa chifefe uli m'mpope ndi potsekera.

Choyamba, mfuti ikangofika m'manja mwanu muithyole pakati, muone ndi maso anu kuti mulibe chipolopolo, ngakhale mwini wake alumbire. Kenaka muipukute m'kati ndi kansalu kouma, chifukwa mafuta amabisa zilema, ndipo muloze mpope kumwamba kowala, musuzumire kuchokera mbali zonse ziwiri. Mpope wabwino umawala ngati madzi a m'chitsime, ndipo mizere ya kuwalako imakhala yozungulira bwino. Mukaona timaenje takuda ngati nthomba, limenelo ndi dzimbiri. Kuno kunyanja mpweya ndi wachinyezi chaka chonse, kotero kuti mfuti yogona miyezi itatu yosapukutidwa imayamba nthomba zimenezi. Timaenje tochepa ndi tosazama cha kukamwa tingapiririke. Koma takuya, pafupi ndi chipinda cha chipolopolo, ndi chifukwa chokwanira chobwezera mfuti.

Mukatha ndi maso, muyese ndi zala. Mutsine ndi kutsetsereka nazo pang'ono-pang'ono kunja kwa mpope, kuyambira kumatako kufikira kukamwa. Zala zimamva zimene maso saona: pamene panaphwanyika mfuti itagwera pamwala, kapena pamene panatupa ngati mphete. Kutupa kumeneku kumasonyeza kuti tsiku lina anaombera m'mpope muli chotsekereza, ndipo chitsulo cha pamenepo chinatamuka, sichidzabwereranso mphamvu yake. Ngati chifefe chili cha mipope iwiri, muichotse, muilendeweretse pa chala, muigogode pang'ono ndi kachitsulo. Ikalira ngati belu, ndiye kuti mipopeyo njolumikizana bwino. Ikalira ngati mphika wosweka, yayamba kulekana.

Tsopano potsekera. Mutseke mfuti, muchotse kathabwa ka pansi pa mpope, mugwire chithabwa cha kuphewa ndi kugwedeza. Mfuti yabwino imakhala ngati chitsulo chimodzi. Ikachita gwede-gwede, kapena mukaona kuwala kwa dzuwa pakati pa mpope ndi thupi la mfuti, yatha msinkhu. Moto udzatulukira pamenepo, pafupi ndi nkhope yanu. Ena amabisa kugwederaku ndi kachidutswa ka chitini kapena pomenya ndi nyundo, choncho muyang'anitsitse zipsera pa cholumikiziracho. Muyesenso kachitsulo kotchingira: katatsekedwa, mfuti ili yopanda kanthu, mukoke chokhethemulira, sichiyenera kugwa. Chithabwa chomangidwa ndi waya kapena mphira wa chubu cha njinga chili ndi mng'alu pansi pake. Mpope wodulidwa ndi sowo umamwaza njere ponse-ponse, ndiponso udzakuikani m'mafunso aakulu kupolisi.

Pansi pa mpope, pamene pamabisika mfuti ikatsekedwa, pali tizizindikiro todindidwa. Ku England mfuti ili yonse imayesedwa ndi wonga woposa muyeso isanagulitsidwe. Nyumba yoyesera ya ku Birmingham inayamba nchito imeneyi mu 1813. Zilembo NP kapena BNP zitanthauza kuti mfutiyo inayesedwa ndi wonga wamakono wopanda utsi, umene uli m'zipolopolo zonse za m'sitolo. Mfuti zina zakale kwambiri zili ndi mipope ya maanga-maanga ngati madzi oyenda, yopangidwa popota tizingwe ta chitsulo. Nzokongola ndithu, koma zambiri anazipangira wonga wakuda wakale, ndipo dzimbiri limalowa m'misoko yake. Zimenezo nzopachika pakhoma.

Chenjeraninso ndi chifefe china cholimba kwambiri cha mpope umodzi chimene W. W. Greener wa ku Birmingham anapangira apolisi a ku Egypt ndi a maiko ena olamulidwa ndi Angelezi. Zina mwa mfuti zimenezi anazipanga dala kuti zizidya chipolopolo chake-chake, chokhala ndi khosi ngati botolo, kuti mbala ikaba isapeze choombera. Dzina la Greener ndi labwino, ndipo zilipo zifefe zake zodya zipolopolo wamba. Koma mukagula ya apolisiyo, mwagula mpini wopanda khasu.

Mukakayika pa chili chonse mwa izi, musayese poombera mfuti ili paphewa panu. Pemphani kuti ikaonedwe ndi wogulitsa mfuti wovomerezedwa ndi Boma, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, malonda asanathe.

Chipolopolo Chake-chake

Pa zipolopolo pali zinthu zitatu zoti zigwirizane: kukula kwa mpope, kutalika kwa chipinda, ndi kukula kwa njere. Ziwiri zoyambazo amazilamula ndi mfuti, chachitatu ndi nyama.

Kukula kwa mpope amakuwerenga mobwerera m'mbuyo. Chifefe cha 12 chinatchedwa chotero chifukwa timipira 12 ta mtovu, tokwana bwino m'mpope wakewo, timalemera paundi imodzi. Choncho cha 16 nchochepa kuposa cha 12, ndipo cha 20 nchocheperanso. Kuno zambiri ndi za 12, ndipo ndizo zosavuta kupezera zipolopolo. Ngozi yake ndi iyi: chipolopolo cha 20 chikaikidwa m'chifefe cha 12 sichiima pachipinda, chimatsetsereka nichikakamira m'kati mwa mpope. Mwini mfuti, poona kuti sinalire ndipo pachipinda palibe kanthu, amaganiza kuti anaiwala kuikamo, naika cha 12 pambuyo pake. Chotsatira ndi mpope wong'ambika ndi zala zoduka. Chifukwa chake musasunge zipolopolo za misinkhu iwiri m'thumba limodzi, ndipo musalandire za mphatso musanawerenge nambala ya kumatako kwake.

Kutalika kwa chipinda nkumene kumanyenga anthu ambiri ogula mfuti zakale. Zifefe zambiri zakale za ku England zili ndi chipinda cha mainchi 2½, ndiwo mamilimita 65. Zipolopolo zambiri za masiku ano ndi za mainchi 2¾, mamilimita 70, ndipo zina ndi za mainchi 3, mamilimita 76. Muyeso umenewu ndi wa chipolopolo chitaombedwa, kukamwa kwake kutafunyululuka. Chisanaombedwe chimakhala chachifupi, motero cha 70 chimalowa bwino-bwino m'chipinda cha 65, mfuti nitsekeka. Koma poombera, kukamwa kwake kumasowa malo ofunyulukira, njira ya njere imachepa, ndipo mphamvu ya moto imakwera kuposa imene mfuti yokalambayo inayesedwa nayo. Mwina siphulika tsiku loyamba; imangomenya phewa kwambiri niyamba kugwedera. Kulowa kwa chipolopolo si umboni wakuti nchoyenera. Werengani nambala yodindidwa pansi pa mpope, muifanizire ndi ya pabokosi. Chachifupi m'chipinda chachitali chilibe vuto. Chachitali m'chipinda chachifupi ndicho choletsedwa. Ndiponso zilipo zipolopolo za njere za chitsulo m'malo mwa mtovu. Zimenezo zimaononga mipope yakale.

Njere nazo zili ndi maina. Pa muyeso wa Angelezi, aunsi imodzi ya nambala 6 imakhala ndi njere ngati 270, zazing'ono ngati mapira. BB ili nazo ngati 70, AAA ngati 35, SSG ngati 15, ndipo SG 8 zokha, zazikulu ngati nandolo. Nambala 6 ndi ya mbalame. Kuombera nayo nguluwe nkungoilasa pakhungu, ndipo nguluwe yolasidwa imabwerera kwa munthu ndi mano ake, kapena imakafera kutali patapita masiku ambiri ikuzunzika. Nguluwe ifuna SSG kapena SG, ndipo pafupi, osapitirira mayadi 30. Kupyola pamenepo njere zamwazikana, imodzi kapena ziwiri zokha ndizo zimafika. Koma musaganize kuti zophonyazo zagwa pomwepo. Njere zazing'ono zimauluka kupitirira mayadi 200, ndipo za SG kupitirira mayadi 500. Minda yathu ya m'madambo njoyandikana, ndipo kuseri kwa chimanga chanu kuli msasa wa mnzanu.

Zipolopolo zigulidwe kwa wogulitsa wovomerezeka, ndi laisensi yanu m'manja. Wogulitsa mfuti yakale kawiri-kawiri amaonjezapo "basera" ya zipolopolo zimene zakhala kudenga zaka zosawerengeka. Mukaona chikopa chake chatupa kapena mkuwa wake wabiriwira, musachiike m'mfuti. Chipolopolo chonyowa chimachita ziwiri. Mwina chimachedwa kuyaka: mukakoka nichikhala chete, musathyole mfuti msanga, muilozebe kumene kulibe munthu ndi kuwerenga pang'ono-pang'ono kufikira 30. Mwina chimalira mofooka, ngati chikwapu chonyowa: pamenepo imani, musuzumire m'mpope, pakuti chotsekera njere chingakhale chatsalira m'kati. Za kutsegula chipolopolo ndi kuikamo misomali kapena mabelo a njinga, monga achita ena, ndi njira yachidule yophera mfuti ndi mwini wake.

Nyama Zimene Chifefe Sichiyenera

Mvuu, njovu ndi ng'ona si za chifefe, zipolopolo zikhale za mtundu wanji. Chikopa cha mvuu chimafika mainchi awiri kuchindikala m'malo ena, ndipo njere za SG zimangoima m'menemo. Mvuu yolasidwa imabwerera m'madzi, ku Chia kapena kumathiriro a Bua, ili ndi ukali, ndipo amene amalipira ndi msodzi wa m'bwato amene sanadziwe kanthu. Nyama zimenezi zikavuta, nenani kwa a mfumu ndi ku ofesi ya a Nyama za Kuthengo. Iwo ali ndi alenje ndi mfuti zoyenera nchitoyo.

Laisensi ya mfuti si chilolezo cha ulenje. Nyama zimayang'aniridwa ndi lamulo lina, National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017 kotero kuti wopha njovu angathe kulandira zaka 30 m'ndende. Lamulo silimletsa munthu kupulumutsa moyo wake chilombo chikamuukira. Koma akapha kapena kulasa nyama yotetezedwa ayenera kukanena msanga, ndipo nyamayo, chikopa ndi mano omwe, si zake. Musanagule chifefe, kafunseni ku ofesi imeneyo kuti ndi nyama ziti zimene muloledwa kuombera m'munda mwanu.

Alimi oyandikana ndi nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota asamale koposa. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita 1,800, kale inali ndi njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015 zinatsala zosakwana 100 chifukwa cha mfuti ndi misampha. Chaka chimenecho bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa pamodzi ndi Boma, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupi-fupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, namanga mpanda wa magetsi. Munthu wopezeka ndi mfuti m'kati mwa mpandawo, ngakhale yalaisensi, alibe chodzikanira.

Ndipo pali usiku. Nguluwe imadza usiku, wakuba chimanga amadzanso usiku, ndi mwana wa mnansi wanu wofuna mbuzi yosochera, ndi mlamu wanu wochokera kumowa amene wadutsa njira yachidule. Onsewa amagwedeza mapesi mofanana. Musaombere phokoso, ombani chimene mwachiona mutu ndi mchira. Kutchera mfuti ndi chingwe panjira ya nguluwe ndiye kusatchulidwe nkomwe, pakuti chingwe sichisankha mwendo.

Muwerengere Kaye

Tisanamlole mlimi kupita kupolisi, timakonda kukhala naye pansi ndi pensulo. Mbali imodzi alembe matumba amene zilombo zinamdyera chaka chatha, osaonjezera. Mbali inayo alembe mtengo wa mfuti, wa laisensi chaka chili chonse, wa bokosi la zipolopolo, ndi wa ulendo wa kumzinda kokagula. Ambiri akafika pamenepa amakanda mutu, poona kuti ndalama yomweyo ikadagula feteleza wa munda wonse. Akumbukirenso kuti anyani ndi ophunzira msanga. Akamva kulira kwa mfuti kawiri, amamdziwa mwini wake ndi chipewa chake chomwe. Amakhala pamwala kumpenyerera kufikira atapita kukadya nsima, ndipo pamenepo alowa.

Chimene chimasunga munda ndi munthu wokhalapo. Kumene alimi aika minda yao pamodzi, namanga nsanja m'ngodya, nalinda mosinthana ndi agalu ndi zitini, chiwonongeko chimachepa popanda chipolopolo nchimodzi chomwe. Inu olima fodya muli ndi mwai wina umene ambiri sauona: nyani ndi nguluwe sizidya fodya. Bzalani fodya kapena tsabola cha kumalire a thengo, chimanga ndi chinangwa zikhale m'kati, kufupi ndi mudzi. Mvuu ili ndi miyendo yaifupi ndi thupi lolemera, ndipo imaopa ngalande yakuya ya m'mbali moongoka. Kukumba ngalande yotere kumbali ya kumadzi ndi nchito ya mudzi wonse, koma imakhala zaka ngati ikonzedwa mvula ikatha. Kumene minda ili yambiri pamodzi, chifefe chimodzi chalaisensi, m'manja mwa munthu wodekha amene samwa, chikwanira kuthandiza onse. Eni minda ena angamthandize ndalama ya zipolopolo, koma mfutiyo asaibwereke, pakuti laisensi ndi yake yekha.

Kwa amene awerengera napeza kuti afunikadi kugula, yambani za mapepala m'chilimwe, kuti chimanga chikamakhwima zonse zikhale zitatha. Mfuti ikafika, muipukute m'kati tsiku lili lonse limene yaombedwa, ndiponso kamodzi pa mwezi ngakhale isanaombedwe, ndi mafuta a mfuti kapena a makina osokera. Mafuta ophikira amauma nasanduka ulimbo. Muisunge yopanda chipolopolo, yokhomeredwa, kumene ana safika. Zipolopolo zikhale kwina, m'chitini chotseka bwino, pamwamba posafika chinyezi, koma osati pamwamba pa moto wa kukhitchini kapena m'chigafa cha fodya. Ndipo nthawi zonse potuluka nayo muyambe mwasuzumira m'mpope, chifukwa mavu aja omanga ndi dothi amakonda mpope wa mfuti monga akondera bowo la nsungwi, ndipo masiku owerengeka amawakwanira kuutseka.